Waona chiyani, nanga waganiza chiyani? Zokambirana pa gulu la aphunzitsi a sayansi

Madam Nachisale:
Madzulo abwino aphunzitsi anzanga. Ndangomaliza kuchonga mayeso oyeserera a Fomu 4 ndipo mtima wanga suli m'malo. Funso linali la madzi a laimu. Mwana akulowetsa mpweya wochokera mu chubu china m'madzi a laimu, ndiye pa pepala pali madanga awiri, lina la observation (chimene waona), lina la inference (chimene waganiza kuchokera pa chimene waonacho). Ana ambiri alemba pa danga loyambalo kuti patuluka mpweya wa carbon dioxide, ndipo onsewo ndawadula malikisi. Lero mtsikana wina, mmodzi wa ana anga olimbikira, wandipeza pakhomo pa ofesi misozi ikulengeza m'maso, akuti, "Madam, kodi yankho langali ndi labodza?" Ndamuuza kuti ndi loona koma walikhazika pa malo osayenera. Sanakhutire, ndipo nanenso sindinakhutire ndi mafotokozedwe angawo. Inu mumawathandiza bwanji ana kuti asiyanitse chimene aona ndi chimene aganiza? MSCE ili pafupi, sindikufuna akatayire malikisi pamenepa.

Mwale wa Biology:
Ine ndimangowafunsa kuti, carbon dioxide-yo pamene amatuluka anali wa mtundu wanji? Kalasi yonse imati zii. Kenako wina amanena yekha kuti alibe mtundu, saoneka. Ndiye ndimati, ngati saoneka, iwe waona chiyani? Apo m'pamene amayamba kunena zenizeni: madzi anali oonekera mpaka pansi, tsopano achita mbuu ngati mkaka wothira madzi. Diso lafika pamenepo basi. Zotsalazo zachokera m'mutu.

Tadala:
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene kuphunzitsa chaka chino, mundikhululukire ngati ndikulakwitsa. Koma kodi uku si kungovutitsa ana? Mwanayo akudziwa kuti ndi carbon dioxide, ndipo ndi carbon dioxide-di. Wafika kale kumene timafuna kuti afike. Timulange chifukwa wafika msanga?

A Phiri (opuma):
Funso lanu ndi labwino a Tadala, musachite nalo manyazi. Koma ndikufunseni: mukanalowetsa sulphur dioxide m'madzi a laimu omwewo, akanaoneka bwanji? Akanachitanso mbuu chimodzimodzi. Mwana amene walemba kuti madzi asanduka ngati mkaka wanena zoona pa mipweya iwiri yonseyo. Amene walemba kuti carbon dioxide wanena zoona pa umodzi wokha, ndipo ngati waphonya sitingabwerere m'mbuyo kukafufuza, chifukwa chimene anaona sanachilembe paliponse. Chatayika. Ndiponso mukapitiriza kulowetsa carbon dioxide kwa nthawi yaitali, madzi aja amayeranso n'kumaonekera mkati ngati poyamba. Mwana amene anayang'ana kumbali pang'ono n'kubwerera mochedwa adzalemba kuti palibe carbon dioxide, pamene alipo wochuluka zedi. Danga loyambalo ndi losungira umboni, kuti maganizo athu akasintha mawa, umboniwo tiupeze uli pomwepo.

Madam Nachisale:
A Phiri, za sulphur dioxide zimenezi ndi zimene ndinafunika kumuuza mwana uja. Zikomo kwambiri.

Nangozo:
Ine sindine wa sayansi kwenikweni, ndimaphunzitsa Chichewa ndi Agriculture, koma ndiloleni ndiponyepo mawu. Mbali ina ya vutoli ili m'kamwa mwathu momwemu. Tamverani mmene timagwiritsira ntchito mawu oti kuona. Timati ndaona njoka pa msewu. Timatinso ndaona kuti apongozi akwiya. Timatinso ndikuona ngati mvula igwa. Mawu amodzi, ntchito zitatu. Koyambako ndi diso. Kwachiwiriko diso laona nkhope yokwinya ndi moni wosayankhidwa, koma mkwiyowo tauwerenga tokha. Mwina apongoziwo dzino likuwawawa. Kwachitatuko n'kulosera. Mwana wakula akunena kuti ndaona pa zonse zitatuzi, ndiye afika ku Fomu 3 ife n'kumuuza kuti alembe zimene waona. Iye akulembadi zimene waona, m'Chichewa chake. Ine ndikamaphunzitsa za m'munda ndimawauza kuti: lembani zimene munthu wina amene sanaphunzire phunziroli, ataimirira pambali panu, angavomereze kuti eya, zilidi choncho. Agogo anu angavomereze kuti masamba a m'munsi a chimanga achita chikasu kuyambira kunsonga. Zoti m'nthaka mwachepa nitrogen sangavomereze kapena kukana, chifukwa zimenezo siziri pa tsambapo.

Mwale wa Biology:
Madam Nangozo mwakhudza penipeni. Nditenga zimenezi za agogo.

Nangozo:
Tengani. Ndiponso taganizirani dzina loti kaufiti. Makolo athu anaona bwino kwambiri: pamene pamera kachitsamba ka maluwa ofiira kaja, chimanga chimapinimbira, ndipo chimayamba kufooka kachitsambako kasanatulukire n'komwe pamwamba. Kuona kumeneko kulibe cholakwika, mlangizi aliyense akuuzani zomwezo. Koma tanthauzo limene anapereka linalowa m'dzina lenilenilo. Ukafukula mosamala umapeza mizu ya kaufiti italumikizana ndi mizu ya chimanga, ikuyamwa madzi ndi chakudya pansi pomwepo kwa masabata angapo kachitsambako kasanaonekere. Ine ndinafukula ndi ana anga chaka chatha, tinatsuka mizuyo m'beseni, aliyense anagwira polumikizirapo ndi chala chake.

Achimwene a ku labu:
Moni nonse. Ine ndili ku chipatala, koma nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku kwa ife. Nyengo ya mango ikangofika, amayi ambiri amabwera atabereka mwana wotentha thupi, n'kunena kuti wadwala malungo chifukwa anadya mango osapsa. Ena amati ndi chimanga chachiwisi, ena amati ananyowa ndi mvula. Sindiwatsutsa msanga, chifukwa pali chinthu chimene aonadi. Chaka ndi chaka, mango akamapsa, mvula ikamayamba, ana amayamba kudwala malungo, ndipo odwala amachulukirachulukira mpaka miyezi ya chimanga chachiwisi. Zimenezo n'zoona, mabuku athu olembamo odwala amasonyeza zomwezo. Pamene pamakhota ndi pa mawu oti chifukwa. Mvula yomweyo imene imabwera mango akupsa ndi imene imasiya zithaphwi zoswanirana udzudzu. Ndipo udzudzu ukaluma munthu lero, thupi limadzatentha patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Mayi amakumbukira bango limene mwana anadya dzulo, sakumbukira udzudzu wa masiku khumi apitawo.

A Phiri (opuma):
Ndipo tisaganize kuti amayi athu okha ndi amene anakhota pamenepo. Azungu anakhala zaka mazanamazana ali pa malo omwewo. Dzina loti malaria lachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. Anthu a ku Italy anaona kuti okhala pafupi ndi madambo kufupi ndi Rome amadwala, kuti ogona panja usiku amadwala kwambiri, ndiponso kuti dambo likaumitsidwa matenda amachepa. Zonsezi anaona molondola. Ndiye anati choyambitsa ndi fungo la m'dambo limene limakwera usiku. Taonani mmene ganizo lolakwikalo linkagwirizanira ndi chilichonse chimene anaona: tsekani mawindo usiku, mudwala pang'ono, samukirani kumtunda, mudwala pang'ono. Mu 1879 akatswiri awiri, Klebs ndi Tommasi-Crudeli, analengeza kuti apeza kachilombo ka bakiteriya koyambitsa malungo m'matope ndi mu mpweya wa m'madambomo, ndipo ambiri anawakhulupirira chifukwa zinkagwirizana ndi zimene ankaganiza kale.

Mu November 1880, dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, ali pa chipatala cha ku Constantine m'dziko la Algeria, anaika dontho la magazi a msilikali wodwala pa maikulosikopu. Anaona kanthu kakutulutsa timichira tikugwedezeka mwamphamvu pakati pa maselo a magazi. Iye anati ndi kachilombo kamoyo. Anzake ambiri anati ayi, amenewo ndi maselo a magazi amene akuwonongeka chabe. Chithunzi chimodzi pa galasi, matanthauzo awiri, ndipo panapita zaka zingapo asanamuvomereze.

Pa 20 August 1897, dokotala wa ku Britain, Ronald Ross, ali ku Secunderabad m'dziko la India anang'amba mimba ya udzudzu umene unayamwa magazi a wodwala malungo masiku angapo m'mbuyomo, n'kupeza timaselo tozungulira tokhala ndi timadontho takuda pa khoma la mimbayo. Ndi zokhazo zimene anaona tsiku limenelo. Sanaone udzudzu ukupatsira munthu malungo. Chaka chotsatira ku Calcutta ndi pamene analondola tizilomboto mpaka ku malovu a udzudzu, koma pa malungo a mbalame. Za anthu anatsimikiza ndi akatswiri a ku Italy, Grassi, Bignami ndi Bastianelli, amene anasonyeza kuti ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles.

Mwale wa Biology:
A Phiri, musasiye za kanyumba ka ku Ostia. Ine ndi pamene pamandisangalatsa.

A Phiri (opuma):
Inde. Mu 1900 dokotala wina wa ku Britain, Patrick Manson, anafuna kulekanitsa zinthu ziwiri zimene nthawi zonse zinkayendera limodzi, mpweya wa m'dambo ndi udzudzu. Madokotala awiri, Sambon ndi Low, anakakhala miyezi itatu ya nyengo ya malungo m'kanyumba kotchinga ndi sefa pafupi ndi Ostia, kufupi ndi Rome. Masana ankayenda panja, dzuwa lisanalowe ankalowa m'nyumba. Mpweya wa m'dambo ankaupuma usiku wonse kudzera mu sefa, udzudzu wokha ndi umene sunkalowa. Sanadwale, pamene anthu ozungulira ankadwala. Mbali inayo, udzudzu umene unaluma odwala ku Rome unatumizidwa ku London, n'kukaluma mwana wa Manson yemwe, mnyamata wathanzi amene sanali kufupi ndi dambo lililonse. Anadwala malungo, anamupeza ndi tizilombo m'magazi, n'kumuchiritsa ndi kwinini. Mpweya popanda udzudzu, palibe matenda. Udzudzu popanda mpweyawo, matenda. Umboni woti kudziteteza ku udzudzu, monga ndi neti imene timagonamo leroyi, kumapewetsa malungo unachokera ku ntchito ngati imeneyo. Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, koma chatsitsa dzayecho sungachidziwe ngati wasakaniza kale zimene waona ndi zimene ukukhulupirira.

Tadala:
Zikomo a Phiri, ndaphunzirapo zambiri. Koma mundilole ndivutenso. Ross ndi Laveran ankayang'ana kudzera m'galasi la maikulosikopu. Kuti anene kuti aona timaselo, anayenera kukhulupirira kuti galasilo silikunama. Ine ndikawerenga themomita n'kulemba 38, sindinaone kutentha, ndaona kamzere kataima pa nambala. Ndiye kodi observation yeniyeni ilipo? Mwina zonse ndi inference basi, ndipo madanga awiri aja tikungodzinamiza nawo.

Achimwene a ku labu:
A Tadala, ndikupatseni chitsanzo cha kuntchito kwanga, mwina chithandiza. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu kaja mukukadziwa: timabaya chala, dontho la magazi, madontho a mankhwala, kudikira mphindi zingapo. Pakatuluka mizere iwiri aliyense amati malungo apezeka. Koma chimene chaoneka ndi mizere iwiri. Tizipangizo tambiri timene timagwiritsa ntchito timagwira puloteni ina yotchedwa HRP2 imene tizilombo ta malungo timatulutsa, ndipo puloteni imeneyi imatha kutsalira m'magazi kwa masabata angapo tizilomboto titafa kale.

Sindidzaiwala mwana wina wa zaka ngati zitatu. Anali atamaliza LA masabata awiri m'mbuyomo, thupi n'kutenthanso. Mayi ake anamuyezetsa kwina, mizere iwiri, ndipo anabwera kwa ife ali ndi mtima umodzi woti mankhwala aja sanagwire ntchito, timupatse ena amphamvu. Ndinapaka magazi pa galasi, ndinayang'ana malo ndi malo mpaka maso kuwawa, kachilombo ngakhale kamodzi sindinakapeze. Dokotala atavula mwanayo malaya anawerenga mpweya wake ndi wotchi, n'kupeza kuti akupuma mofulumira kwambiri ndipo nthiti zikulowa m'kati. Chinali chibayo. Tikanati tingotsatira mawu oti malungo apezeka, mwana uja akanabwerera kunyumba ndi mankhwala a matenda amene analibe. Mizere iwiriyo sinaname, inanena zimene imatha kunena. Munthu ndi amene akanainenetsa zoposa.

Ndiye inde, ngakhale mzerewo ndimaukhulupirira chifukwa ndimakhulupirira kachipangizoko. Koma pakati pa "mizere iwiri" ndi "mwanayu ali ndi malungo lero" pali mtunda, ndipo m'katikati mwa mtundawo ndi mmene munali moyo wa mwana uja.

Madam Nachisale:
Achimwene, nkhani imeneyi yandigwira mtima. Mwanayo anachira?

Achimwene a ku labu:
Anachira Madam. Anagonekedwa masiku angapo, anatuluka akusewera.

A Phiri (opuma):
A Tadala, simukulakwa. Palibe mpanda wa njerwa pakati pa ziwirizi. Ine ndimaziona ngati makwerero. Pansi pali "kamzere kaima pa 38". Pamwamba pake pali "thupi latentha kufika 38". Pamwambanso "mwanayu akudwala". Pamwambanso "ndi malungo". Pamwamba penipeni "ndi chifukwa cha mango". Sitepe iliyonse imene wakwera wawonjezera chinthu chimene ukukhulupirira, ndipo chikhoza kuthyoka. Themomita timaikhulupirira chifukwa tikhoza kuiyesa m'madzi oundana amene akusungunuka, kapena kuiyerekeza ndi ina. Chimene ndinkafuna kwa ana anga n'chakuti adziwe sitepe imene aimapo, ndipo mnzawo akatsutsa, athe kutsika mpaka pamene onse awiri akugwirizana n'kuyambiranso kukwera. Madanga awiri a pa mayeso aja ndi njira yophweka yowazolowezera kutsikako.

Tadala:
Za makwererozo zandimveka. Komabe ndikuona ngati kudula malikisi onse kunali kowawa kwa mwana amene chemistry yake anaidziwa.

Madam Nachisale:
Kunali kowawadi, sindikana. Koma bola amve kuwawa panopa ndi ine kusiyana ndi kukamva kuwawa zotsatira zikadzatuluka. Ndimuitana mawa tikhale pansi.

Mwale wa Biology:
Tisanatseke, ndiulule chinthu chimene ine ndinaphunzitsa molakwika kwa zaka zingapo, chifukwa vutoli si la ana okha. Kandulo m'mbale ya madzi, n'kuivundikira ndi botolo. Lawi limazima, madzi amakwera m'botolo. Ndinkauza ana kuti kandulo yatha oxygen yense, madzi alowa m'malo mwake, ndiye onani, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, monga mmene buku linenera kuti oxygen ndi 21 peresenti ya mpweya. Ana ankalemba, ine n'kuchonga. Tsiku lina mnyamata wina wa kumbuyo anati, "Sir, nanga bwanji madziwo akukwera kandulo itazima kale?" Tinabwereza. Mwanayo ankanena zoona. Lawi likamayaka madzi amangosuntha pang'ono, likangozima m'pamene amathamanga kukwera. Ndinali nditachita zimenezi kambirimbiri koma sindinazione, chifukwa ndinkayang'ana kumene madzi athere, osati nthawi imene akukwera.

Tadala:
Ndiye chimakweza madziwo n'chiyani Sir? Inenso ndinaphunzitsidwa za oxygen zomwezo.

Mwale wa Biology:
Kwakukulu ndi kutentha. Lawi limatenthetsa mpweya, mpweyawo umafutukuka, wina umathawa pamene mukuvundikira. Mukayang'anitsitsa kukamwa kwa botolo nthawi zina mumaona timathovu tikutuluka. Lawi likazima mpweya wotsalawo umazizira n'kunyala, nthunzi imasanduka timadontho pa galasi, ndiye mpweya wa kunja umakankhira madzi m'kati. Oxygen amachepadi, koma lawi limazima iye asanathe, ndipo mbali ina ya malo ake imatengedwa ndi carbon dioxide wochokera ku kandulo yomweyo. Yesani ndi makandulo atatu m'botolo lomwelo. Oxygen wa m'botolo ndi yemweyo, ndiye ngati ganizo lakale lili loona madzi ayenera kufika pamodzimodzi. Koma amakwera kuposa. Mukafuna kuyeza gawo la oxygen moona, nyowetsani steel wool, muikanikize pansi pa chubu, mugadabuze chubucho m'madzi n'kusiya masiku angapo kuti ichite dzimbiri. Pamenepo palibe lawi losokoneza, ndipo madzi amakwera pang'onopang'ono kufika pafupi ndi gawo limodzi mwa asanu.

Nangozo:
Mnyamata wa kumbuyo uja anali ndi diso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwale wa Biology:
Anali nalo Madam. Ndinamuthokoza pamaso pa kalasi yonse, ndipo tinakonza zolemba za m'makope tsiku lomwelo.

Madam Nachisale:
Aphunzitsi, ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera lero. Ndinagula makandulo pa golosale, ndinatenga mbale ya kunyumba ndi botolo la mayonesi lopanda kanthu, madzi ndinathiramo tiyi pang'ono kuti aoneke. Pa bolodi ndinajambula mzere pakati. Kumanzere ndinalemba "Zimene agogo angavomereze ataima pano", kumanja "Zimene ife tikuganiza". Sindinawauze chilichonse cha oxygen.

Poyamba zinavuta. Wina anati mpweya watha, anzake anakuwa kuti agogo sangavomereze zimenezo, tinazisamutsira kumanja. Wina anati lawi lachepa kenako lazima, utsi woyera wakwera kuchokera pa chingwe. Wina anati m'kati mwa botolo mwachita nkhungu. Wina anawerenga masekondi pa wotchi yanga kuyambira povundikira mpaka pozima. Tinadinda ndi cholembera pamene madzi anafika ndi kandulo imodzi, kenako tinayatsa atatu. Madzi anapitirira chidindocho moonekeratu, ndipo amene anali kutsogolo anaona timathovu tija a Mwale amanena. Kumanja kunadzaza maganizo anayi osiyana, ndipo ana anakangana mpaka belu kulira, osafuna kutuluka.

Mtsikana uja ndi amene anatsalira. Anatenga choko n'kukafufuta mawu amodzi kumanzere. Wina anali atalemba kuti botolo layamwa madzi. Iye anati kuyamwako sitinakuone, taona madzi akukwera basi, ndipo analemba choncho. Kenako anandifunsa ngati tingayese kutenthetsa botolo lokhalo m'madzi otentha n'kuligadabuza m'mbale popanda kandulo n'komwe, kuti tione ngati madzi akwerebe. Ndamuuza kuti Lachinayi ndibweretsa fulasiki ya madzi otentha, ayesa yekha.

A Phiri (opuma):
Mumuuze agwire botololo ndi kansalu, limatentha. Ndipo likhale botolo lomwelo limene lili ndi zidindo ziwiri zija, kuti chachitatu chikakhale pambali pake.

Tadala:
Madam, mudzatitumizire chithunzi cha botololo Lachinayi. Ine ndiyesa ndi Fomu 2 yanga sabata yamawa.